Yang'anani Mzere wa Madzi Pakhoma

Adzukulu anga a m'makomboni a Lusaka, sendezani mipando pafupi ndikutsineni khutu. Mwezi watha mdzukulu wanga wina, mwana wa mwana wanga wamkazi, anafika kuno ku Mtendere akumwetulira ngati watola chikwama. "Agogo," iye anatero, "ndapeza kachipinda ku Kanyama, lendi yake ndi yotsika. Nditsegula kantemba." Anandiwerengera zonse zimene adzaikamo: shuga, sopo, saladi, makandulo, mapamela a ufa. Ndinamusiya alankhule mpaka mate atauma, kenaka ndinamufunsa kuti mzere wa madzi pakhoma la chipindacho uli pati. Mnyamata anangoti kakasi, n'kumandiyang'ana ngati ukalamba wandilowa m'mutu.

Nyumba iliyonse ya ku Kanyama imene yaona madzinja angapo ili ndi mzere umenewu: kachizindikiro kakuda kozungulira khoma, pamene madzi a chaka chatha anafika n'kuima. Pena uli m'kakolo, pena m'bondo. Mwininyumba wochenjera amaupaka laimu mu Okutobala kuti wolowa watsopano asauone, koma ukapala ndi chikhadabo umaupeza. Lendi yotsika ija ili ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chinalembedwa pakhomapo.

Ine mzerewu ndinaudziwa mu Febuluwale 1978. Ndinali nditangofika kumene kuchokera ku Katete, ndikuphunzira ntchito ya malata kwa amalume amene ankakhala ku Kanyama komweko. Mvula inagwa masiku otsatizana osakata. Usiku wina tinadzidzimuka mphasa ikuyandama, kunja kuli kulira kokhakokha. Nyumba za njerwa zosaotcha zinkasungunuka ngati mchere m'ndiwo. Anthu anafa, mabanja ambirimbiri anatsala pamtetete. Mpaka lero akuluakulu akatchula ngozi ya ku Kanyama amanena chaka chimenecho. Amalume anali ndi chizolowezi chimene ine ndinkachiseka mumtima: madzulo alionse nyundo, sizasi yodulira malata ndi kabuku ka oda ankaziika m'thumba n'kuzipachika kudenga. Madzi ataphwera ife tinayambanso kukhoma tsiku lachitatu, ndipo ntchito inatichulukira, poti aliyense ankafuna ndowa ndi mbaula yatsopano. Mnansi wathu wa golosale anali atasanjika matumba a ufa ndi shuga pansi penipeni. Sanadzukenso. Anabwerera kumudzi ndi kasutikesi kamodzi.

Akulu anati madzi saiwala khwawa. Mzinda wathuwu unamangidwa pamalo athyathyathya, pamwamba pa thanthwe la laimu, ndipo madzi apansi ali pafupi kwambiri. Ku Kanyama, ku Misisi ndi mbali zina za Chawama ukakumba pang'ono wagunda mwala. Mvula ikachuluka madzi amasowa kolowera, pena amachita kutumphuka pansi pa nyumba. Kuwonjezera apo tinamanga m'madambo, ndipo mifolo tinaitseka ndi mabotolo ndi majumbo. Mu 2010 anthu a m'makomboni amenewa anakagona m'matenti ku Independence Stadium. Ngalande yaikulu ya Bombay inakonzedwa ndi ndalama za dziko la America, ndipo yathandiza, koma siidutsa pakhomo la aliyense. Chimene chasintha m'maso mwanga n'chakuti kale tinkavina za ufulu pa 24 Okutobala mitambo itayamba kale kudetsa kumwamba, mvula n'kumagwa mwaulemu mpaka Malichi. Lero imachedwa, ndiye ikabwera imakhuthula usiku umodzi madzi a masabata awiri, kenaka n'kusowa mwezi wathunthu.

Choncho iwe wofuna kutsegula kantemba, usanagule katoni yoyamba ya sopo, gula mabuloko. Kweza pansi kupitirira mzere uja. Shelefu yoyamba iyambire m'chiuno. Ufa, shuga, mchere ndi simenti zikhale pamapaleti, ndipo waya wa magetsi asayende pansi. Funsa amayi amene akhala pamalopo zaka khumi kuti madzi amadzera mbali iti. Safunsa anadya phula. Ndalama ya mabuloko idzakuwawa lero, koma ndi yochepa poyerekeza ndi katundu wa kantemba yonse. Ndipo musaike chuma chanu chonse pamalo amodzi. Amene anali ndi masitandi mu City Market usiku umene unapsa, mu Julayi 2017, angakuuzeni: ena anasunga ndi ndalama zomwe m'kati mwa katundu, m'mawa anapeza phulusa.

Tsopano tibwere ku mnzake wa chigumula, amene ndi chilala. Inu nonse munaona 2024 ndi maso anu. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pangozi, chimanga cha pa mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi chitauma m'munda. Ife a m'tauni tinkayesa ndi nkhani ya kumudzi, mpaka mtengo wa ufa unatipeza. Kenaka madzi anatsika kudamu la magetsi la Kariba, ndipo pofika Seputembala magetsi ankatha kuzima maola 21 pa tsiku, madera ena masiku angapo osaoneka. Ndani ankadziwa kuti mvula ikakana kugwa kutali kumene Zambezi amachokera, mnyamata wometa tsitsi ku George agona ndi njala?

Ndinkapita ku Kalingalinga masiku amenewo kukaona anzanga a mumsewu wa Alick Nkhata, kumene ndinakhoma malata zaka zambiri. Masana onse owotcherera zitsulo anali chogona pamageti osatha, makina ali zii ngati pamaliro. Malaiti akabwera 1 koloko ya usiku, komboni yonse inkadzuka: moto wa owotcherera waliwali, makina opalira matabwa kulira, amayi kuthamangira kuchigayo. Pofika 4 koloko mdima wabwereranso. Mayi wina wa mumpingo mwathu anataya nkhuku zodzaza firiji. Wina wogulitsa maaisi anangotseka. Koma pamzere womwewo panali kamnyamata kometa tsitsi kamene anzake ankakaseka chaka chapitacho kaamba kogula sola imodzi, batire ndi makina ometera otchaja m'malo mogula sipika yaikulu. M'miyezi ya mdima anthu ankaima pamzere pakhomo pake, ndipo pambali ankatchajitsa mafoni. Anzake a masipika anayamba kumupempha ganyu.

Sindikunena kuti aliyense athamangire sola. Makina owotcherera amadya moto wambiri, kasola ka padenga la kantemba sikangawadzutse. Pamenepo mpofunika kugwirizana anthu asanu kapena khumi, musonkhe mugule chachikulu, poti mutu umodzi susenza denga. Chimene ndikunena n'chakuti musanayambe malonda alionse mudzifunse: malaiti akapita masiku atatu, nditsegula kodi? Mpopi ukauma sabata yathunthu, ndigwira ntchito? Ngati yankho ndi ayi, konzani pamenepo poyamba. Boma linachotsa msonkho pa zipangizo zambiri za sola, ndipo nyumba zochuluka tsopano zili nazo. Zimenezi zidzafuna wozimanga, wozitsuka fumbi, wokonza batire ikafooka. Mtsikana kapena mnyamata amene angapite kusukulu ya ntchito zamanja yovomerezedwa ndi TEVETA n'kuphunzira magetsi a dzuwa bwinobwino sadzasowa chochita. Koma phunzirani zenizeni. Ndaona mnyamata ataonera kanema pa foni masiku awiri, n'kukalumikiza mawaya panyumba ya munthu, denga n'kutsala pang'ono kupsa. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Chenjeraninso ndi masola otchipa a m'misewu, olembedwa mphamvu zimene alibe. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Pa nkhani ya malasha ndili ndi mlandu wanga, ndipo ndiuvomera pamaso panu. Manja angawa akhoma mbaula zosawerengeka, zija za mabowo thupi lonse. Mbaula yotero imawotha mphepo kuposa mphika. Ndinkadziwa, koma inali yofulumira kupanga ndi yosavuta kugulitsa. Pamene ndinkafika mu Lusaka malasha ankachokera pafupi, munthu wa njinga ankapita m'mawa n'kubwera madzulo. Lero malole amakawatenga ku Mumbwa, ku Rufunsa ndi kupitirira apo, ndipo ukamapita kwathu kum'mawa pa Great East Road umaona mapiri ali mbee ngati mutu wometa. Mu 2024 boma linaimitsa zilolezo zootchera malasha ku Mumbwa, Itezhi-Tezhi ndi Shibuyunji. Mitengo ikatha mitsinje imauma msanga, magetsi n'kuchepa. Magetsi akachepa tonse timathamangira malasha, mitengo n'kuthanso. Tikuzungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake.

Musanyoze amayi ogulitsa malasha m'timapulasitiki pamsika. Ambiri a inu fizi yanu inachokera m'manja akuda amenewo. Koma inu pitirirani pamene iwo anafika. Mbaula yoikamo dongo lootcha m'kati imasunga moto, thumba la malasha limakhalitsa, ndipo mayi amene waiyesa mwezi umodzi sabwereranso ku yakale. Fumbi la malasha limene limatayidwa pamsika ndi chuma. Mdzukulu wanga wamkazi ku Chawama amalisesa, n'kulisefa, n'kuphika phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa, n'kusakaniza mpaka zigwirane ngati nsima yolimba. Amaumba ndi kachitini kotsegula mbali zonse ziwiri, n'kuyanika pamalata masiku angapo. Zikauma bwino zimayaka nthawi yaitali, zilibe utsi, ndipo oweta nkhuku amazikonda pofunditsa anapiye usiku. Ulendo wake woyamba anaonjezera dothi lambiri kuti zichuluke. Makasitomala atatu anabweza, mmodzi anamulalatira pamsika. Anaphunzira. Vuto lake lina ndi dzinja, poti popanda dzuwa siziuma, ndiye amaumba zambiri mu Seputembala ndi Okutobala n'kusunga pamwamba. Utuchi umene umaunjikana kumsika wa matabwa wa Buseko nawonso uli ndi ntchito. A SupaMoto amapanga timibulu ta utuchi tophikira pa mbaula zawo zapadera. Amene ali ndi maso aone kuti moto wa mawa suchokeranso m'nkhalango yokha.

Ndinene za ntchito zimene mumazithawa chifukwa cha manyazi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kuyambira mu 2015 pali ntchito ya Manja Pamodzi, imene a Zambian Breweries anayambitsa mogwirizana ndi khonsolo ya Lusaka, ndipo Chawama inali m'gulu la makomboni oyamba. Anthu amatola mabotolo a pulasitiki ndi makatoni n'kukagulitsa pa sikelo kwa osonkhanitsa, osonkhanitsawo n'kugulitsa ku mafakitale. Wotola amapeza pang'ono, n'zoona; amene amapeza bwino ndi uja ali ndi sikelo, malo osungira ndi kabuku. Koma palibe anayamba ndi sikelo. Botolo lililonse limene lalowa m'thumba ndi botolo limene silikatseka mfolo mu Januwale, choncho wotolayo akutchinjiriza ndi kantemba yako yomwe. Ukakumana naye m'mawa mupatse moni waulemu.

Palinso ntchito imene ngakhale kuitchula pakudya sitifuna. Ku Kanyama, mu 2013, a Kanyama Water Trust pamodzi ndi kampani ya madzi ya Lusaka anakhazikitsa gulu la anyamata opopa zimbudzi, lotchedwa Dream Team. Kale ntchito imeneyi inkachitika usiku, munthu atamwa kachasu kuti asamve fungo, zonyansazo n'kuzikwirira padzenje pambali pa nyumba, pafupi ndi chitsime. Anyamata awa anapatsidwa maovolosi, majombo ndi magolovesi, ankagwira masana dzuwa likuswa mtengo, ankathira m'migolo ya malita 60 n'kukasiya kumalo okonzera, kumene zinkatulutsa gasi, zotsalazo n'kuumitsidwa kukhala manyowa. Ankalipidwa, ndipo ankapereka lisiti. M'komboni imene pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi chimbudzi chokumba, ndiuzeni ngati ntchito imeneyi ingathe.

Mukafuna kudziwa kufunika kwake kumbukirani kolera. Ya mu Okutobala 2017 inadwalitsa anthu oposa 5,000, ndipo mu Januwale 2018 asilikali anachotsa ogulitsa m'misewu ya m'tauni, misika inatsekedwa, ku Kanyama anthu analetsedwa kuyenda usiku mpaka kunabuka chipolowe. Ya 2023 mpaka 2024 inaposa apo: odwala oposa 20,000, akufa oposa 700, National Heroes Stadium inasanduka chipatala, sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka Febuluwale. Nthawi zonse ziwirizi oyamba kutsekeredwa malonda anali ogulitsa zakudya. Ndiye iwe wa vitumbuwa, wa michopo, wa chikanda, wa nsima pamsika: chidebe cha madzi a klorini chokhala ndi kampopi, sopo, chivundikiro pachakudya, zimenezi uziwerengere pamodzi ndi ufa ndi mafuta. Kasitomala mmodzi akatsegula m'mimba chifukwa cha iwe, komboni yonse imva dzuwa lisanalowe. Ukayenda siya phazi. Ukasiya mlomo umakutsata.

Tifike pa ndalama, pamene mitima yanu ili. Ambiri mumandiuza kuti, "Agogo, nzeru ndili nazo, mpamba ndiwo ndilibe." Masiku ano makomo ogogoda alipo ambiri kuposa m'nthawi yathu. Thumba la CDF linali K1.6 miliyoni pa dera la phungu mmodzi. Mu 2022 linakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2024 linali K30.6 miliyoni. M'kati mwake muli gawo la achinyamata ndi amayi: thandizo la magulu, ngongole za malonda, ndi ndalama zolipirira maphunziro a ntchito zamanja. Kanyama, Chawama ndi Matero ali ndi thumba lawolawo. Ife a ku Mtendere ndi Kalingalinga tili pansi pa Munali. Khomo loyamba ndi komiti ya chitukuko ya m'wadi mwanu. Palinso CEEC imene imabwereketsa amalonda ang'onoang'ono. Onsewa amafuna mapepala: kulembetsa dzina la bizinesi ku PACRA kapena kulembetsa kopaletivu, nambala ya msonkho ya ku ZRA, akaunti ya kubanki. Yambani kukonza zimenezi mafomu asanatuluke. Ndipo mapepalawo kalembetseni nokha. Aliyense wokuuzani kuti mumupatse kenakake kuti dzina lanu likwere pamwamba, muthaweni.

Koma apa mvetserani bwino. Ngongole ya boma ndi ngongole. Kuyambira kale tili ndi matenda oganiza kuti ndalama ya boma ndi ya amalume, yodya n'kupukuta pakamwa. Ndaona makopaletivu obadwa usiku umodzi: anthu khumi osadziwana, osonkhanitsidwa ndi fungo la cheke, ndalama ikangofika n'kugawana pansi pa mtengo, wina foni, wina sofa. Pakutha pa chaka palibe nkhuku, palibe khola, ndipo mng'ono wanu akapita kukapempha amauzidwa kuti thumba ndi louma poti akulu ake sanabweze. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu, koma izi ndi nkhuyu zodya akulu zopota ana. Gulu labwino ndi la anthu amene ayamba kale kugwirira limodzi ndi zochepa zawo, amene anakanganapo n'kugwirizananso. Ndalama yochokera kunja imakuza chimene chilipo. Ikapeza palibe kanthu imangokuza mkangano.

Mpamba woyamba ambiri a ife tinaupeza m'chilimba. Agogo anu aakazi anagula makina osokera ndi chilimba cha amayi asanu ndi mmodzi a kutchalitchi. Lero kuli mabanki a m'magulu, kumene mumasunga ndi kubwerekana pa chiwongoladzanja chimene chimabwerera kwa inu nomwe pogawana. Ndi zabwino, malinga mukudziwana nkhope ndi pakhomo, ndipo buku likuwerengedwa pamaso pa onse. Zija za pa WhatsApp, za anthu amene simunawaonepo, zolonjeza kuti K500 ibala K2,000 pa sabata, ndi dzenje lofotseredwa ndi udzu.

Za kaloba ndikuuzani ndi chipsera changa. Chaka china, amayi anu akadali aang'ono, munthu wina wa sitolo m'tauni anandipatsa oda ya ndowa 200. Mtima unadumpha. Ndalama ya malata ndinalibe, ndiye ndinapita kwa wa kaloba: utenge 100, ubweze 150 pakutha pa mwezi. Ndinakhoma usiku ndi usana, ndowa ndinapereka, osalembetsana kanthu, poti munthuyo anali wovala tayi. Anayamba kundiuza kuti bwera mawa, ndipo mawa lakelo linatenga miyezi itatu. Wa kaloba sadziwa mawa. Anabwera ndi anyamata awiri, ananyamula njinga yanga ndi makina osokera aja a agogo anu. Mayi uja sanandilalatire. Anangokhala pakhonde n'kumayang'ana pamene panali makinapo, ndipo kukhala chete kwakeko ndimakumva mpaka lero. Kuyambira pamenepo oda yaikulu sindiyamba popanda theka la ndalama m'manja ndi pepala losainirana. Kaloba wa lero ali mufoni, amabwereketsa ndi chala chimodzi pakati pa usiku, koma mano ake ndi omwe aja.

Gulani kabuku ka sukulu ka masamba 40 ndi bolopeni. Madzulo alionse lembani zimene mwagula, zimene mwagulitsa, zimene mwadya ndi zimene mwakongoza. Mudzadabwa kuona kuti kantemba siifa ndi akuba. Imafa ndi kasopo kamodzi kotengera kunyumba, katoktaimu, ka "ndilipira pa mwezi" ka alamu. Dzilipireni malipiro ngati wantchito, zotsalazo ndi za bizinesi, ngakhale inu eni musazikhudze. Abale athandizeni kuchokera m'malipiro anuwo. Adzakunenani kuti mwayamba kunyada, koma kantemba ikagwa omwewo ndiwo adzayambe kuseka. Ndipo m'kabukumo muzikhala tsamba la dzinja: kandalama kapadera ka masiku amene msewu udzadzaza madzi, makasitomala osatuluka m'nyumba. Za kubetcha mpira ndi kandege ka pa foni kaja sinditaya nazo mate ambiri. Amene anamanga mashopu a kubetcha pakona iliyonse ya Matero sanabwere kudzagawa ndalama.

Chinanso ndi kutengera. Mmodzi akaika kabufu ka Airtel Money ndi MTN pakona, mwezi wotsatira pali khumi, onse kulimbirana kasitomala mmodzi. Mmodzi akaweta nkhuku, msewu wonse nkhuku, pa Khirisimasi mtengo n'kugwa. Yendani m'komboni mwanu ndi maso otsegula muone chimene anthu akudandaula nacho. Kumsika wa Soweto nthawi ya tomato wambiri mabokosi amaolera pansi, pamene miyezi ingapo kutsogolo tomato yemweyo amagulidwa ngati golide. Agogo anu kumudzi ankafutsa chibwabwa ndi nyemba n'kusunga m'zikwatu mpaka chilimwe. Luso limenelo mwalisiyiranji, pamene mfutso woyera bwino, wotsekedwa m'paketi, anthu a m'mayadi akuufuna? Kuseri kwa nyumba kumene mukuti kulibe malo, matumba khumi a dothi ndi manyowa amabala lepu ndi anyezi, ndipo madzi akasefukira thumba umalinyamula n'kuliika pamwamba. Kungoti thirirani ndi madzi abwino, osati a mumfolo. Mukasankha chimodzi chigwireni mpaka chikudziweni. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Inu adzukulu anga aakazi, mawu awa ndi anu. Amayi amene amaphwanya miyala m'mbali mwa misewu ya Kalingalinga ndi amene analera theka la komboni ija, ndipo palibe mwamuna angandiuze kuti mkazi sangagwire nyundo. Ngati mtima wanu uli pa kuwotcherera, pa mapaipi kapena pa sola, pitani. Akaunti ikhale m'dzina lanu, nambala yachinsinsi ikhale m'mutu mwanu. Mwamuna wokukondani adzakondwa ndi kabuku kanu. Wofuna kukusungirani ndalama musanakwatirane n'komwe, muyang'aneni kawiri. Ndipo aliyense, kaya ndi wa ofesi kaya ndi wa pamsika, wokuuzani kuti sitandi kapena ngongole ituluka mukakumana naye madzulo, kauzeni amayi akuluakulu ndipo mukamunenere.

Anzanga okalamba, musaganize kuti ndakuiwalani. Timakonda kunena kuti ana a masiku ano ndi aulesi, pamene geti timakagula kusitolo yaikulu, mwana wa mnansi akuwotcherera mageti pakhomo pathu. Tikamupatsa ntchito timamulipira mochedwa, n'kumati ndi mwana wathu yemwe. Luso tikufa nalo m'manja. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Muitane, umuonetse kagwiridwe ka sizasi, umubwereke pakhonde poyambira. Inunso a khonsolo ndi a makomiti: sukulu zitakhala zaulere mu 2022 panafunika madesiki ambirimbiri, ndipo boma linati agulidwe kwa amisiri a konkuno. Ntchito zotero zizifika kwa kalipentala weniweni wa ku Buseko ndi ku Kalingalinga, osati kwa munthu wa chikwama amene alibe ngakhale sowo, wongodzagula kwa mmisiri pamtengo wolira. Mukawapatsa ntchito alipireni msanga, chifukwa bizinesi yaing'ono siingadikire miyezi isanu ndi umodzi. Ngongole muzipereka ndi mlangizi woyendera, osangojambulitsa pa tsiku la cheke. Ndipo mifolo ikumbidwe mu Ogasiti, osati madzi atalowa kale m'nyumba. Mfolo umodzi wabwino umapulumutsa tuntemba zambiri kuposa msonkhano wa muhotela.

Mdzukulu wanga uja anabwerera ku Kanyama, anakapala khoma ndi kiyi, ndipo mzere anaupeza pang'ono pansi pa bondo. Anakambirana ndi mwininyumba kuti akweze pansi ndi mizere iwiri ya mabuloko, ndalamayo ichotsedwe pa lendi. Katundu wogula wachepa ndi theka, ndipo masiku oyamba anandikwiyira. Dzulo anabwera kudzabwereka wilibala.

Mitambo yayamba kusonkhana chakumadzulo. Loweruka likubwerali tengani mafosholo, muitane anzanu a mumzere mwanu, mutsegule mfolo wa pakhomo panu mvula yoyamba isanagwe. Ndipo amene akufuna kuphunzira mbaula ya dongo m'kati abwere m'mawa dzuwa lisanatenthe. Maso anga ayamba kuchita chifunga, koma nyundo ndili nazo ziwiri.